Kamera ya filimu: makina amene safuna magetsi kuti ajambule

Mupatseni mnyamata wa lero kamera ya filimu, muona akuitembenuza uku ndi uku kufunafuna poyatsira. Pa Pentax K1000, kamera imene kampani ya Asahi Optical ya ku Japan idatulutsa mu 1976, batani loyatsira palibe. Muli kabatire kamodzi kakang'ono, koma ntchito yake n'kungoyendetsa kasingano koyeza kuwala. Mukakachotsa, kamera imajambulabe bwinobwino. Zina zonse zimayenda ndi masipuling'i, timagiya ndi chala cha munthu.

Kamerayi idapangidwa mpaka 1997, ndipo zoposa 3 miliyoni zidagulitsidwa. Aphunzitsi a luso lojambula m'maiko ambiri ankaikonda pa chifukwa chimodzi: siganizira munthu. Anzake a khalidwe lomweli ndi Olympus OM-1 ya 1972, Nikon FM ya 1977 ndi Zenit-E yolemera ija ya ku Soviet Union. Makamera a mtundu umenewu ndi amene ankalendewera m'khosi mwa ojambula oyenda panjinga, amene ankafika pa ukwati, pa ubatizo kapena pasukulu tsiku lotsekera, n'kulandira theka la ndalama, zithunzi n'kudzabwera nazo patapita masabata. Nthawi zina ankabwera chimanjamanja, nkhani yake ili yoti zithunzi zapsa. Amene akudziwa m'kati mwa kamera amamvetsa kuti kupsa kumeneku kudali ndi njira zambiri.

Tiyambire kumbuyo. Mukakoka kachitsulo kozungulira kamene kali pamwamba chakumanzere, chitseko chakumbuyo chimatseguka. M'katimo ndi mwakuda bii, ndipo m'mphepete mwa chitseko mudamatidwa kasiponji kotchinga kuwala. Kamera yonse kwenikweni ndi bokosi lamdima. Kumanzere kuli malo a kachitini ka filimu, kumanja kuli kamtengo kozengerapo filimuyo, pakati pali zenera la mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Muyeso umenewu udatchuka ndi kamera ya Leica imene Oskar Barnack adakonza ku Wetzlar, m'dziko la Germany, ndipo idayamba kugulitsidwa mu 1925. Kachitini kamene tikukadziwa lero adakabweretsa ndi a Kodak mu 1934.

Filimuyo ndi lamba wapulasitiki wopyapyala wopakidwa timibulu ta mankhwala a siliva. Kuwala kukakhudza timibuluti, timasintha, koma kusinthako sikuoneka ndi maso kufikira filimu itatsukidwa m'mankhwala, mumdima. N'chifukwa chake kutsegula chitseko filimu ili m'kati ndi tsoka: dzuwa silisankha, limawononga ukwati wonse kamodzin'kamodzi. M'mbali mwa lambayu muli timabowo, ndipo mano a kagudumu ka m'kamera amalowa m'menemo. Chithunzi chilichonse chimadya timabowo 8.

Chala chachikulu chakumanja chili ndi ntchito yake. Chimakankha kachogwirira kamene kali pamwamba, ndipo kukankha kumodziko kumachita zinthu zitatu: kumakoka filimu kuti pazenera pafike malo atsopano, kumakoka sipuling'i ya chotsekera kuwala, komanso kumasuntha nambala yowerenga zithunzi. Apa ndi pamene ambiri ankagwa m'mbuna. Nambala ija imayenda ngakhale nsonga ya filimu itapulumuka pakamtengo. Munthu ankatha kujambula tsiku lonse, kufika pa 36, kupitirira mpaka kudabwa kuti filimu yake sikutha, osadziwa kuti sidasunthe n'komwe. Wojambula wozolowera sakhulupirira nambala. Akamakankha kachogwirira, diso lake limakhala pa kachitsulo kakumanzere kaja. Kakamazungulira kokha, ndiye kuti filimu ikuyendadi.

Pakati pa filimu ndi dziko lakunja pali chotsekera kuwala, chimene ojambula amachitcha shutter. Mu K1000 ndi timakatani tiwiri ta nsalu yopakidwa labala, toyenda chopingasa. Mukadina batani, katani yoyamba imachoka pazenera, yachiwiri n'kutsatira kudzatseka. Nthawi imene ili pakati pa ziwirizi mumasankha nokha pa kagudumu ka manambala: 1 ndi sekondi yathunthu, 60 ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a sekondi, mpaka 1000. Pa B, zenera limakhala lotseguka malinga chala chili pabatani. Chodabwitsa n'chakuti pa liwiro lalikulu makataniwa sathamanga kuposa kale ayi. Yachiwiri imangonyamuka yoyamba isanafike, ndiye pafilimu pamadutsa kampata kopapatiza. Ichi ndicho chifukwa chake fulashi pa kamerayi imafuna 60 kapena kutsikirapo. Mukaiwala n'kuika pa 250, fulashi imang'anima mbali yaikulu ya zenera ili yotsekeka, ndipo pachithunzi mkwati amaoneka, mkwatibwi ali mumdima.

Nanga wojambula amaona bwanji chimene akujambula, poti njira ya kuwala ndi yotsekedwa? Kutsogolo kwa makatani kuli kalilole wopendekeka, amene amalandira kuwala kochokera m'lenzi n'kukukankhira m'mwamba. Chotupa chija chili pamutu pa kamera si chokongoletsa: muli galasi lolimba la mbali zisanu limene limawongola chithunzi kuti chifike m'diso chili choimirira, kumanja kuli kumanja. Contax S ya ku Dresden, ya 1949, idali imodzi mwa makamera oyamba kukhala nalo. Podina batani, kalilole amadumphira m'mwamba, makatani amadutsa, kalilole n'kubwerera. Phokoso lija loti khwa limachokera apa. Pakanthawi kameneko m'diso mumada, kotero mphindi yeniyeni imene yalowa pafilimu wojambula saiona. Ngati mwana waphethira, adzadziwa zithunzi zikadzatsukidwa.

Lenzi ili ndi mphete ziwiri. Yaikulu ndi yowongolera kuti chinthu chioneke bwino, ndipo poizunguza magalasi amayandikira kapena kutalikira filimu. Yaing'ono ili ndi manambala osokoneza: 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, 22. Imayendetsa timasamba tachitsulo timene timapanga bowo m'kati mwa lenzi, monga momwe kamwana ka diso kamakulira mumdima n'kuchepa padzuwa. Nambala ikamakula, bowo limachepa, ndipo sitepe iliyonse imadula kuwala ndi theka. Kagudumu ka liwiro nakonso kamadula ndi theka, choncho ziwirizi zimasinthana: 8 pa 125 amalowetsa kuwala kofanana ndi 5.6 pa 250. Koma zithunzi zake sizifanana. Bowo laling'ono limaonetsa bwino mizere yonse ya kwaya, kuyambira ogwada kutsogolo mpaka oimirira pabenchi. Bowo lalikulu limasankha nkhope imodzi, zakumbuyo n'kusungunuka. Liwiro lalikulu limaimitsa wosewera mpira ali m'malere. Apa palibe yankho limodzi lolondola, ndipo m'pamene luso la munthu limaonekera.

Kasingano koyeza kuwala kamathandiza, koma nakonso kamanamizika. Choyamba mumakauza mphamvu ya filimu yanu, kaya ndi 100, 200 kapena 400, kenako mumazunguza mphete mpaka kataima pakati. Vuto lake kamayesa chilichonse ndi chotuwa pang'ono. Muimike munthu wakhungu lakuda kutsogolo kwa khoma loyera la tchalitchi masana, kasingano kaona khomalo n'kukuuzani kuti muchepetse kuwala, nkhope n'kutsala maso ndi mano okha. Zithunzi zambiri za m'maalubamu athu zili choncho. Mankhwala ake ndi osavuta: kuyandikira, kuyeza pankhope, kenako n'kubwerera m'mbuyo osasinthanso kanthu. Koma si mlandu wa wojambula yekha. Kwa zaka zambiri makina osindikiza zithunzi zamitundu ankawachunira pa khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, ndipo khungu lathu silidali m'maganizo mwa okonza khadilo.

Batire ikatha, pali lamulo lakale: padzuwa loswa mtengo, bowo likhale pa 16 ndipo liwiro liyandikane ndi nambala ya filimu. Filimu ya 100 imafuna 125.

Filimu ikatha, kachogwirira kamalimba. Osakakamiza, mungang'ambe timabowo tija. Kunsi kwa kamera kuli kabatani komasula mano a kagudumu. Mumakadina, n'kuzunguza kachitsulo kakumanzere mpaka mutamva kuti kapepuka. Pokhapo ndi pamene chitseko chingatsegulidwe.

Filimu sidafe. Kodak idagwa m'mavuto azachuma mu 2012 koma ikupangabe filimu, Ilford ya ku England nayonso, ndipo mu 2024 dzina la Pentax lidabweranso pa kamera yatsopano ya filimu, Pentax 17. Zoti n'zodula, n'zodula ndithu, ndipo malo otsukira adachepa kwambiri. Sindingauze wojambula wa maukwati kuti ataye kamera yake ya digito. Koma amene akufuna kudziwa chimene foni yake imamuchitira mobisa adzaphunzira zambiri pa filimu imodzi ya zithunzi 36 kuposa pa zithunzi chikwi za pafoni.

Ngati m'sutikesi ya malume muli kamera yotere, musathamangire kutsegula chitseko. Yambani mwazunguza pang'onopang'ono kachitsulo kakumanzere, ndipo mukamva kulimba dziwani kuti muli filimu, mwina ya zithunzi zimene banja lanu silidazionepo. Chotsani batire yakale isanadye zitsulo. Yang'anani lenzi poyera ngati yachita chuku, chifukwa chinyezi cha m'dzinja chimameretsa chuku m'magalasi. Makatani aja musawakhudze ndi chala, ndipo kamerayo muisunge pouma, podutsa mphepo.