Foni Ikamaima Tili pa Intaneti

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza dandaulo limene limamveka kaŵirikaŵiri pakati pa aphunzitsi, alangizi ndi ana asukulu, lakuti munthu akaloŵa pa intaneti, foni kapena kompyuta imayamba kuchedwa, kutentha, mwinanso kuimiratu. Achinyamata amati yafiriza.

Ambiri amafulumira kuloza chala netiweki. M'dera la mapiri kuganiza kotere nkomveka, pakuti mudzi wa m'chigwa ukhoza kubisika kwa nsanja imene ili kuseri kwa phiri. Komabe musanakwere chitunda, yesani kaye ichi. Tulukani pa intaneti, mutsegule zithunzi zanu kapena mndandanda wa manambala. Ngati zimenezi zikutseguka msanga, ndipo tsamba la pa intaneti lokha ndilo likuzengereza, mlandu ngwa netiweki. Koma ngati foni yonse yalefuka, mpaka zilembo zikuoneka mochedwa mutazidinda kale, vuto lili m'kati, ndipo nthaŵi zambiri ndi kuchepa kwa memori.

Tsono apa tisiyanitse zinthu ziŵiri zimene anthu amazisokoneza. M'foni muli nkhokwe, mmene mumasungidwa nyimbo, zithunzi ndi mapulogalamu. Mulinso malo ena ang'onoang'ono otchedwa RAM, ndipo aŵa ndiwo mphasa yogwirirapo ntchito. Mai akafuna kutongola chimanga satongolera m'nkhokwe iai. Amatapako nkukhuthulira pa mphasa. Nkhokwe ikule chotani, mphasa ikadzaza ntchito imaima kufikira china chitachotsedwapo. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB yokha, ndipo gawo lalikulu la mphasa imeneyi limakhala litatengedwa kale ndi Android mwini wake.

Pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imene Angerezi amaitcha browser, monga Chrome, Firefox kapena Opera Mini, ndiyo imadya malo kwambiri. Chichokereni pamene Chrome inatuluka mu 2008, eni ake a Google anaikonza kuti masamba azigwira ntchito padera padera, kuti limodzi likagwa lisagwetse anzake. Mu 2018 analimbitsanso mpanda umenewu pa makompyuta, kuti tsamba lachinyengo lisathe kusuzumira zimene mukulemba pa tsamba la banki. Nzeru imeneyi njabwino, koma mtengo wake ndi memori, chifukwa tsamba lililonse limafuna kachigawo kakekake ka mphasa. Palinso zithunzi. Chithunzi chojambulidwa pa foni chikhoza kukhala cha 3 MB chili m'nkhokwe, koma kuti chionetsedwe chiyenera kufunyululidwa. Ngati chili ndi timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, ndiye kuti timadontho tonse ndi 12 miliyoni, ndipo pakuti kadontho kalikonse kamafuna mabaiti anai, chithunzi chimodzicho chikhoza kutenga 48 MB. Onjezanipo zotsatsa malonda ndi makanema amene amayamba okha osaitanidwa, muona kuti mphasa sichedwa kudzaza.

Ikadzaza, Android sifunsa munthu. Imangotseka mwakachetechete pulogalamu imene simukuiyang'ana pa nthaŵiyo. Taganizani mwana amene wakhoza mayeso a Fomu 4 ndipo akulemba fomu ya pa intaneti yofunsira malo ku yunivesite. Wafika pakati, watuluka pang'ono kuti akaone nambala imene ili mu uthenga wa SMS, ndipo pobwerera apeza tsamba likutseguka mwatsopano, zonse zimene analemba zitafufutika, bandulo nayo itapita. Mwanayo salakwa kanthu. Browser inatsekedwa kuti pulogalamu ya mauthenga ipeze pokhala.

Motero ntchito yofunika ngati imeneyi iyambe ndi kukonzekera. Zimitsani foni ndi kuiyatsanso, pakuti kutero kumasesa mphasa yonse. Lembani pa pepala manambala ndi maina onse amene fomuyo ifune, kuti musatulukemo mpaka mutamaliza. Kenaka yang'anani kabokosi kokhala ndi nambala pamwamba pa Chrome. Nambalayo ikunena masamba amene ali chitsegulire. Ena akafika popitirira 99 amaona kankhope komwetulira m'malo mwa nambala, ndipo ine ndimati foniyo imakhala ikuseka mwini wake. Tsekani masamba onse osafunika, makamaka a makanema ndi a Facebook, amene amanka nalemera mukamatsetsereka nawo pansi.

Kwa inu amene mumagwiritsa ntchito kompyuta, kaya ku sukulu, ku ofesi, kapena ku Dzaleka kumene achinyamata ambiri amaphunzira kudzera pa intaneti, kupeza tsamba lolakwa nkosavuta. Mu Chrome ya pa Windows dindani Shift ndi Esc pamodzi, ndipo mudzaona mndandanda wa masamba onse ndi memori imene lililonse likudya. Mu Firefox lembani about:processes pamalo polemba adiresi. Tsamba limene laposa anzake kutali, litsekeni. Nthaŵi zina wolakwa si tsamba koma timapulogalamu toonjezera, totchedwa extensions, timene wina anaikamo kalekale nkuiŵala. Zimitsani tonse, kenaka muziyatsa kamodzikamodzi kufikira vuto litabwerera, pamenepo mwamgwira. Kuyambira kumapeto kwa 2022 Chrome ili ndi Memory Saver, imene mungaiyatse pansi pa Settings ndi Performance, ndipo imagoneka masamba amene mwakhalitsa osaŵayang'ana. Dziŵaninso kuti masamba ena salembedwa bwino, ndipo amangotenga memori osabweza. Kompyuta ya muofesi imene browser yake sitsekedwa sabata yathunthu imalemera pa chifukwa chimenechi.

Pali mankhwala ena amene amatchuka koma sachiza nthendayi. Memori khadi imakulitsa nkhokwe, mphasa imakhala yomweyo. Kufufuta cache kumapezetsa malo m'nkhokwemo, koma pambuyo pake foni imayenera kukatenganso zithunzi zomwezo pa intaneti, ndipo bandulo ndiyo imalipira. Za mapulogalamu amene amalonjeza kutsuka ndi kufulumizitsa foni, langizo langa nlakuti achotseni. Nawonso amakhala pa mphasa pomwepo, ambiri atanyamula zotsatsa malonda. Opera Mini imathandizadi pa foni yaing'ono, chifukwa masamba amayamba afinyidwa pa makompyuta a kampaniyo asanafike kwa inu. Poŵerenga nkhani njabwino kwambiri, ngakhale mafomu ena sayenda bwino mmenemo.

Makompyuta ambiri a laputopu, makamaka akalewo, amalola kuti mmisiri aonjezere RAM, kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB, ndipo kusintha kwake kumaoneka tsiku lomwelo. Pa foni zimenezi sizitheka, choncho funso la RAM lifunsidwe pogula. Mukaona pa katoni palembedwa 4 GB + 4 GB, dziŵani kuti RAM yeniyeni ndi nambala yoyambayo. Yachiŵiriyo ndi malo obwerekedwa ku nkhokwe, ndipo amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi RAM yeniyeni.