Mizere ya Nyala, Kuda kwa Mphalapala

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo ku Chikwawa, nyama za ku Lengwe zimasonkhana pa madziwe ochepa amene atsala ndi madzi. Mlendo wokhala phee m'kanyumba koonerapo nyama amatha kuyang'ana chitsamba chimodzi kwa nthawi yaitali osaona kanthu. Kenako khutu limagwedera, ndipo pamene panali nthambi ndi mithunzi pamatulukira nyala yaikazi, yofiira ngati dothi la katondo, mizere yoyera yoposa khumi itatsika m'nthiti. Inali pomwepo nthawi yonseyi. Pambuyo pake pamabwera mphongo, yotuwa moderako, ya ubweya wautali wolendewera kukhosi ndi kumimba, miyendo yachikasu ngati yavala masokosi. Wosadziwa angalumbire kuti ndi nyama ziwiri zosiyana.

Nyala, imene ena amaitcha boo, ndi mbale wake wa ngoma, mbawala ndi ntchefu, zonse za nyanga zopotana. Lengwe ili cha kumalire a kumpoto a dera limene nyala imapezeka mwachilengedwe. Banja limeneli ndi losangalatsa chifukwa abale a magazi amodzi anavala mosiyana, ndipo chovala cha aliyense chimagwirizana ndi malo amene amadyera.

M'nkhalango yowirira dzuwa limalowa modukaduka, kugwa pansi ngati timizere ndi timadontho. Mizere ya pa nthiti za nyala imadula thupi lake m'zidutswa, kotero diso la kambuku limalephera kupeza pamene msana wayambira ndi pamene wathera. Hugh Cott, katswiri wa ku Britain amene anafufuzako zamoyo m'chigwa cha Zambezi mu 1927, analongosola bwino njira imeneyi m'buku lake la 1940. Mfundo yake inali yodabwitsa: mawanga owala kwambiri, amene munthu angaganize kuti amaulula nyama, ndi omwe amasokoneza maonekedwe a thupi lonse.

Nanga kufiirako? Kwa ife anthu, nyala yaikazi pakati pa masamba obiriwira imaoneka psuu. Koma diso la munthu lili ndi mitundu itatu ya tizigawo tozindikira utoto, pomwe la mkango, kambuku kapena mmbulu lili ndi iwiri yokha, ndipo silisiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Nyama zoyamwitsa sizipanga utoto wobiriwira mu ubweya. Zili ndi wakuda ndi wofiirira basi. Wofiirirawo ndi wokwanira, popeza amene akufuna kuidya nyamayo amauona ngati tsamba.

Zonsezi zimagwira ntchito nyama ikaima njo. N'chifukwa chake ngoma ikamva phokoso imayamba yauma ngati chitsa, makutu ake akuluwo ali tcheru, ndipo imathawa pokhapokha ikazindikira kuti yaonedwa.

Tikalondola banjali kuchokera m'nkhalango kupita poyera, mizere imanka nizilala. Bongo ya m'nkhalango za ku Congo ndi yofiira kwambiri, ya mizere yowala ngati yolembedwa ndi choko. Mbawala za kumadzulo kwa Africa zili ndi mizere ndi madontho ambiri, pomwe za kuno kummwera zimangokhala ndi madontho owerengeka m'ntchafu. Ngoma, yokonda tchire lapatalipatali la m'mapiri, ndi yotuwa, ya mizere yopyapyala. Ntchefu ya pa Nyika ndiye yotuwa mbuu ngati udzu wouma, mizere yake yosaoneka bwino. Chinyama cholemera makilogalamu oposa 500, choyenda m'gulu pamtetete, chingabisale kuti? Mu 2003, Chantal Stoner, Tim Caro ndi mnzawo anayerekeza mitundu yambiri ya nyama za ziboda zogawikana, ndipo anapeza kuti mawanga ndi mizere zimachuluka mwa nyama za m'nkhalango ndi mwa ana amene amayi awo amawabisa m'tchire, pomwe mabala akuluakulu owala amakonda kupezeka mwa nyama za poyera zoyenda m'magulu.

Mphongo ya nyala ndiyo imasokoneza nkhaniyi. Imakhala m'nkhalango yomweyo, adani ake ndi omwewo, koma inavula chovala chobisalira. Mphongo ziwiri zikakumana sizithamangira kugundana. Iliyonse imadzutsa ubweya woyera wa pamsana kuchokera pakhosi mpaka kumchira, imatambasula mchira pamwamba pa msana kuonetsa kuyera kwake, imaweramitsa mutu, ndiye imayenda cham'mbali pang'onopang'ono, ikunyamula miyendo yachikasuyo umodziumodzi ngati ikuponda paminga. Thupi limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Nthawi zambiri imene yaoneka yaing'ono imangoweramira msipu n'kuchokapo, popanda magazi. Pa khungu loderalo choyera chilichonse chimaonekera patali, ndipo cholinga chake n'chomwecho. Tiana tatimuna timabadwa tofiira ngati amayi awo ndipo timayamba kuda tikamakula. Akatswiri ena, monga Richard Estes, amati kufanana ndi zazikazi kumateteza timphongoti ku ukali wa mphongo zazikulu.

Banja lina limaonetsa zomwezi moposa. Chilembwe wa pa Nyika, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndi wotuwa mofiirira, kupatula nkhope ya mabala akuda ndi oyera. Mbale wake mphalapala anasankha zina. Mphongo yokhwima imada bii, mimba yoyera mbee, ndipo imaima poonekera m'nkhalango ya miombo ngati ikufuna dala kuti aliyense aione. Ndi mfumu ya dera lake, ndipo kuda kwakeko kumauza mphongo zina kuti malo ali ndi mwini. Imakwanitsa kudzionetsa chotere chifukwa ili ndi podalira: imalemera makilogalamu oposa 200, nyanga zake zopindikira kumbuyo zimatha kupitirira mita imodzi, ndipo ikapanikizidwa imamenyana ngakhale ndi mkango.

Za kumbuyo kwa nyamazi akatswiri sanagwirizanebe. Anakodzwe a ku Liwonde ali ndi mkombero woyera m'matako, nswala ili ndi mizere yakuda m'ntchafu ndi pamchira, mbawala ikamathawa imatukula mchira kuonetsa kuyera kwa kunsi. Ena amati n'zothandiza ana kulondola amayi awo m'udzu wautali. Ena amati ndi uthenga kwa mdani woti waonedwa kale, asavutike kuthamangitsa. Wolemba nkhaniyi akuona kuti zonse ziwiri zingakhale zoona, ndipo kufunira bala lililonse chifukwa chimodzi chokha n'kuipeputsa nyamayo.

Chimene sichikayikitsa ndi cha ana. Mwana wa mphalapala sabadwa wakuda ngati bambo wake. Amabadwa wotuwa mofiirira, mtundu wa udzu wakufa, ndipo mayi amamusiya yekha m'tchire kwa milungu iwiri kapena itatu, kumangobwera kudzamuyamwitsa. Ku Majete, kumene akambuku anabwezeretsedwa mu 2011 ndipo mikango mu 2012, kamwana kotere kamagona chafufumimba, khosi litatambalala pansi, osagwedeza ngakhale khutu, mpaka katamva mayi ake akubwera.