Njoka zamizere zibereka mwana wakuda: zimatheka bwanji?

Omvera athu amene mumaweta mbuzi, nkhuku kapena akalulu munaziona kale izi. Tonde ndi mbuzi yaikazi zonse n'zofanana mtundu, koma mwana abadwa wamtundu wina, wosafanana ndi make kapena tate wake. Ena amangoti mwina mbuzi inakumana ndi tonde wa kwa aneba. Koma njoka ina yaing'ono ya ku North America inathandiza akatswiri kuona kuti nthawi zambiri nkhani yake yagona m'magazi a makolo onse awiri.

Njokayi imatchedwa garter. Kuno kulibe, imapezeka makamaka ku Canada ndi ku United States. Kawirikawiri siifika mita imodzi, siopsa kwa anthu, ndipo imadya achule, nyongolotsi ndi tinsomba. Siiikira mazira ayi, imabereka ana amoyo. Zambiri mwa njokazi zili ndi mizere itatu yachikasu yochokera kumutu mpaka kumchira. Ya ku San Francisco ili ndi mizere yofiira, yakuda ndi yobiriwira ngati thambo. Koma m'mbali mwa nyanja ya Erie, monga ku Long Point ndi pachilumba cha Pelee ku Ontario, mumapezeka zina zakuda bii, zoyera pang'ono pachibwano pokha.

Frank Blanchard ndi mkazi wake Frieda, a kuyunivesite ya Michigan, anaweta njokazi kwa zaka zambiri, n'kumalemba mtundu wa makolo ndi wa ana. Zomwe anapeza zinasindikizidwa mu 1941.

Zimayenda motere. Mwana aliyense amalandira tizinthu tachibadwa totchedwa majini, kamodzi kwa make, kena kwa tate wake. Jini ya mizere ndi yamphamvu, ya ukuda imabisala. Njoka ikalandira imodzi ya mizere ndi imodzi ya ukuda, imaoneka yamizere, koma ukuda uja yausunga mkati. Ziwiri zotere zikakumana, pa ana anayi alionse mmodzi amayembekezeka kulandira ukuda kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo ameneyo ndiye amabadwa wakuda. Chiwerengerochi chimaoneka bwino ana akakhala ambiri. Pa bere limodzi akhoza kuchuluka kapena kusowa. Zakuda ziwiri zikakumana, ana onse amakhala akuda.

Nanga n'chifukwa chiyani zakuda zachuluka ku Erie? Kumeneko kumazizira kwambiri, ndipo njoka imadalira dzuwa kuti ifunde. Kafukufuku wa ku Long Point anasonyeza kuti zakuda zimakhala zofunda pang'ono kuposa zamizere, monga mmene malaya akuda amatenthera masana. Komanso pachilumba njoka zimakwatirana zokhazokha, choncho majini obisika aja amakumana pafupipafupi.

Pa ulimi, phunziro lake ndi ili: maonekedwe a chiweto sanena zonse zimene chanyamula. Khola likakhala ndi tonde mmodzi kwa zaka zambiri, n'kumakwera ana ake omwe, zobisika zimatulukira, kuphatikizapo zilema. N'chifukwa chake alangizi amati tizisinthana atonde ndi alimi a m'midzi ina.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito kwa ife anthu. Mwana wakhungu lachialubino nthawi zambiri amabadwa kwa makolo akhungu lakuda, chifukwa onse awiri, bambo ndi mayi, ananyamula jini yake osadziwa. Si ufiti, si tsoka, ndipo si umboni woti mayi anayenda ndi mwamuna wina. Mwanayo ndi wanu nonse. Chimene akufunika ndi chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mafuta oteteza khungu kudzuwa, mpando wakutsogolo m'kalasi poti maso ake saona patali, komanso chitetezo cha mudzi wonse.