Zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za mapanga, madamu ndi mapiri a ku Mashonaland

Sukulu zikatsekera mu Disembala, mabanja a ku Harare amene ali ndi kangachepe amalongedza katundu kukapuma ku Chinhoyi kapena ku Kariba. Msewu wawo umadutsa m'mafamu a fodya a ku Banket ndi Karoi, komwe m'makomboni mudakali adzukulu a machona ochokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete. Kwa iwowa Disembala si mwezi wopuma, chifukwa fodya wothirira amakhala wayamba kuthyoledwa. Komabe malo amene alendowo amathamangira ali ndi mbiri yotikhudza kuposa momwe ambiri timaganizira.

1. Pansi pa dziwe la m'mapanga a Chinhoyi sipanafikidwepo. Mapangawa ali pafupi ndi tawuni ya Chinhoyi, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Harare. Madzi anadya mwala wa laimu pang'onopang'ono mpaka denga linagwa, n'kusiya chidzenje chimene pansi pake pali dziwe la buluu loti mbee. Akatswiri osambira ndi mabotolo a mpweya atsikamo mamita oposa 100 koma osagunda pansi. Kaya ndi mu Juni wozizira, kaya mu Okutobala wa dzuwa loswa mtengo, madziwo amakhala pa madigiri 22 basi.

2. Mbiri ya dziwelo imaloza chala Angoni. Eni dera amalitcha Chirorodziva, ndipo amasimba kuti m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni lopita kumpoto linagwira anthu a m'deralo n'kuwaponya m'madzimo. Nthawiyo ikugwirizana ndi ulendo wa Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Zidzukulu za ulendo umenewo ndi anthu a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata. Choncho Mngoni akafika pachipata cha mapangawa, asafulumire kutchula mfunda wake.

3. Nyanja zonse za ku Zimbabwe n'zomangidwa ndi anthu. Munthu wa ku Nkhotakota angadabwe kumva kuti Zimbabwe ilibe nyanja yaikulu yachilengedwe. Damu la Mazowe linamangidwa mu 1920 kuti lizithirira malalanje, ndipo la Mazvikadei, pafupi ndi Banket, ndi la mu 1988. Chivero, yomwe kale inkatchedwa McIlwaine, anaitseka pa mtsinje wa Manyame mu 1952 kuti Harare izimwa. Vuto ndi loti mzindawo uli kumtunda kwa damu lake, kotero zonyansa za m'zimbudzi zimatsikira komwe madzi akumwa amatungidwa. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi za m'nkhalango yoyandikana ndi damuli zinafa zitamwa madzi a ndere zapoizoni, ndipo boma linaletsa usodzi pamenepo.

4. Kapenta wa ku Kariba nayenso ndi mtchona. Khoma la Kariba linatha mu 1959, Atonga pafupifupi 57,000 atasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi. Kansombako anakatenga ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo amakagwira usiku ndi nyali monga timachitira ndi usipa. Kanaswana mpaka kukhala ndiwo ya tsiku ndi tsiku m'makomboni.

5. Pali mtandadza wa mapiri omwe mitengo imachita nawo mantha. Great Dyke ndi mzere wa miyala wa makilomita pafupifupi 550, wodula dziko kuchokera cha ku Guruve kutsikira kummwera. Ukafika pa mapiri a Mvurwi umaona udzu wokhawokha ndi timitengo topinimbira, pomwe m'munsi muli mitengo ya msasa yochita bwino. Dothi lake lili ndi zitsulo zambiri zimene mizu siipirira. Zitsulo zomwezo, makamaka chrome, ndi zimene zinakokera anthu a kwathu ku migodi ya Mutorashanga. Kumeneko kuli mgodi wakale wa Ethel umene unadzaza madzi obiriwira, ndipo masiku ano anthu amapitako kukasambira.

6. Pa phiri la Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Harare, pali zojambula za alenje akale, abale ake a zakale kwambiri za ku Chongoni ku Dedza. Zinapirira mvula ndi dzuwa kwa zaka zosawerengeka, koma mu 1998 wina anazithira penti.

7. Ena mwa osema miyala otchuka a ku Zimbabwe anali antchito a pafamu ya fodya, ndipo ambiri anali alendo. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu mu 1965, maiko anatsekera misika dzikolo, lomwe panthawiyo linkatchedwa Rhodesia, fodya n'kusowa kogulitsa. Mlimi wina wa kufupi ndi Guruve, Tom Blomefield, anasowa cholipira antchito ake. Wosema Crispen Chakanyuka anamuonetsa mwala wabwino kusema umene unali m'phiri la pafamupo, ndipo mu 1966 mudzi wa Tengenenge unayamba. Anthu amene dzulo lake ankasoka fodya ndi kusonkhezera moto m'mabalani anagwira nyundo ndi tchizulo. Mwa iwo munali Achewa, Ayao ndi ena ochokera ku Angola ndi Mozambique, ndipo nkhope za zinyau ndi za miyambo ya chinamwali zinayamba kutuluka m'miyalamo. Mwa osemawo, Fanizani Akuda anabadwira ku Zambia mu 1932, ndipo makolo a Josiah Manzi anali Ayao a ku Malawi. Ntchito zawo zinakagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America pa dzina la zosema za Chishona, dzina limene kwa ine limabisa theka la nkhani. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a alendo otere, obadwira m'mafamu momwemo, anapezeka atachotsedwa pa unzika wa Zimbabwe, ndipo anadikira mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 kuti awazindikirenso.