Sitiroko: ndege imathamanga, koma nthawi yambiri imatayikira pakhomo

M'masiku a Hajj, pamene anthu oposa miliyoni imodzi amadzaza chigwa cha Mina ndi bwalo la Arafat, galimoto ya ambulansi imavutika kupyola m'khamulo. N'chifukwa chake bungwe la Saudi Red Crescent limaika mahelikoputa onyamula odwala mwakayakaya kupita nawo ku zipatala za mu Makkah. Ena mwa amene ndegezi zimawathamangira ndi ogwidwa ndi sitiroko, matenda amene ambiri kuno timawatcha kufa ziwalo.

Sitiroko imachitika magazi akaleka kufika mbali ina ya ubongo. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amakhala kuti mtsempha watsekeka ndi magazi oundana. Enawo mtsempha umakhala waphulika. Mu 2006 dokotala wa ku America, Jeffrey Saver, adawerengera kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo okwana 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse. Mankhwala osungunula magaziwo, otchedwa alteplase, amaperekedwa asanathe maola anayi ndi theka chiyambire matendawo. Kuchotsa chotsekacho ndi kachubu kolowetsa mumtsempha kumachitika m'maola 6 oyamba, ndipo kwa odwala ena mpaka maola 24. Ndege payokha sichiza. Imangofikitsa munthu m'manja mwa madokotala maola amenewa asanathe.

Kuno kunyanja nkhani ndi ina. Ndege zonyamula odwala zimafika m'dziko muno, monga za AMREF Flying Doctors za ku Nairobi, zomwe zidayamba mu 1957, ndi zina za ku Johannesburg. Koma ndi za munthu wa inshuwalansi kapena wa thumba lakuya. Ngakhale ndalamazo zitapezeka, ndegeyo iyenera kuitanidwa, kupeza chilolezo chotera, ndiponso wodwala ayenera kufikitsidwa ku bwalo la ndege. Pofika ku Johannesburg maola anayi ndi theka aja amakhala atatha kalekale. Ulendo wotere umathandiza pa opaleshoni kapena chisamaliro cha odwalitsitsa, osati pa mpikisano woyamba uja. Banja la ku Makanjira, Malindi kapena Nkhotakota lisaike mtima pa ndege.

Chimene chili m'manja mwa banja ndi kuzindikira msanga. Pakamwa papotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo walobodoka mwadzidzidzi, mawu akutuluka ngati a munthu wolemera lilime: chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kufunafuna galimoto nthawi yomweyo. Ngakhale zizindikirozo zitazimiririka patapita mphindi zochepa, pitanibe, pakuti nthawi zambiri limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu. Apa ndi pamene maola amatayikira. Ena amati tione mmene kuchere. Ena amayamba kukangana za hamala ya afiti, n'kumaloza chala gogo wosalakwa, uku wodwala ali gone pamphasa.

Funso loyamba la dokotala limakhala lakuti munthuyu adaoneka komaliza ali bwinobwino nthawi yanji. Mabanja athu ali ndi wotchi yodalirika imene ambiri saiganizira, yomwe ndi nthawi za Swala. Ngati bambo adaswali Asr ali wangwiro, n'kupezeka akulephera kutawasa pa Maghrib, nenani choncho. Ngati mayi adagona bwino itatha Isha n'kudzuka pa Fajr mkono utafa, madokotala amawerengera kuyambira usiku uja, osati m'bandakuchawo.

Podikira galimoto, wodwala amene akusinza kapena kusanza mugonekeni cham'mbali. Musampatse madzi, phala kapena tiyi, ngakhale akuoneka waludzu. Sitiroko imasokoneza kumeza, ndipo zakumwazo zikalowa m'mapapo zimabweretsa chibayo chimene chimapha odwala ambiri. Musampatsenso aspirin. Ngati mtsempha waphulika, mankhwalawo amawonjezera kutaya magazi, ndipo chosiyanitsa mitundu iwiriyi ndi makina a CT, monga a ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi Kamuzu Central mu Lilongwe.

Wina angafunse phindu lothamangira ku chipatala cha boma pa Mangochi kapena Salima ngati alteplase sapezeka kumeneko. Phindu lilipo. Kumeneko amayeza shuga, pakuti shuga akatsika kwambiri amanamizira sitiroko ndipo amakonzeka m'mphindi zochepa. Amayang'anira kuthamanga kwa magazi, amapereka mpweya ndi madzi a m'diripi, n'kulemba kalata yotumizira wodwala kutsogolo. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP ndiyo gwero lalikulu la sitiroko. Amene akumwa mankhwala ake asawaleke m'mwezi wa Ramadhan kapena pa ulendo wa ku Makkah. Akaonane ndi dokotala kuti awasinthire nthawi yomwera, ikhale ya daku kapena ya futali.