Mapichesi a ku Bembeke ndi Ntchito ya Wofulula Vinyo

Aliyense amene anakwerako mapiri ozizira a Bembeke, kumene ansembe a White Fathers anakhazika mishoni m'chaka cha 1910, adziwa kuti mapichesi ndi mapulamu akapsa pamodzi m'nyengo ya dzinja, ambiri amavundira pansi wogula asanafike. Chipatso chotere chimapulumuka m'manja mwa wofulula vinyo, amene ntchito yake imayambira pansi ndithu, pa kutsuka mbiya ndi mabotolo, popeza kauve kochepa kasandutsa mtsuko wonse viniga. Ndipo akatha zaka akuyesa shuga, kuthira yisiti ndi kudikira nsenga zikhale pansi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndi pamene ayenera kulangiza anzake ndi kumata dzina lake pabotolo.

Njira yotereyi anaiyenda a Timothy Ngwira, katswiri wa sayansi, ndi mayi Margaret Ngwira, amene anayamba mwachibwana kunyumba, kufikira vinyo wao wa Linga, wofululidwa ku Lilongwe kuchokera ku jambula, magwafa, chidede ndi mapulamu, anatchuka m'dziko muno. Komabe pa guwa la katedulo ya Bembeke vinyo wotere safikapo, pakuti lamulo la Mpingo lifuna wa mphesa yekha.