BP ikakana kutsika chonsecho tikumwa mankhwala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, m'mipingo yathu muli anthu amene amatsatira zonse zimene adokotala adawauza. Mapiritsi sadumphitsa, mchere adachepetsa, mowa ndi fodya salawa n'komwe, kumunda amapita wapansi. Koma akapita kokayezetsa, makina aja amaonetsabe 160 pa 100. Ena amayamba kudzifunsa ngati adachimwira Mulungu, ndipo sipalephera kupezeka mnansi wowauza kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa, ataye mapiritsiwo ndi kusala kudya.

Uphungu wotere ife tikuukana. Pa 2 Akorinto 12 timawerenga kuti mtumwi Paulo adapempha katatu kuti chomusautsa m'thupi chichoke, koma sichidachoke. Ndani angamunene Paulo kuti adali wopanda chikhulupiriro? Kuthamanga kwa magazi kosamva mankhwala kuli ndi zifukwa zake za m'thupi, ndipo zambiri n'zotheka kuzipeza.

Achipatala amati BP yakanikadi pamene ikhalabe pa 140 pa 90 kapena kupitirira, munthu akumwa mitundu itatu ya mankhwala pa mlingo wokwanira, umodzi mwa iyo uli wokodzetsa monga HCTZ. Ambirife sitidafike pamenepo, tikadali pa mtundu umodzi kapena iwiri. Kasakanizidwe kake nakonso n'kofunika. Kafukufuku wa CREOLE, amene adachitika m'mayiko 6 a mu Africa ndi kufalitsidwa mu 2019, adapeza kuti mwa anthu akuda BP imatsika bwino amlodipine akaphatikizidwa ndi mankhwala ena kusiyana ndi pamene amlodipine palibe. Itatuyo ikalephera, adokotala amatha kuwonjezera spironolactone, koma amayamba ayeza magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito. Kufunsa za zimenezi si mwano ayi.

Tsono pali adani obisala m'nyumba mwathu momwe. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Ife timaona wa m'mbale ya patebulo wokha, n'kuiwala wa m'buledi, wa m'nsomba zouma zothira mchere ndi wa m'timibulu tokometsera ndiwo tija. Soda wa m'therere nayenso amagwira m'thupi ngati mchere, ngakhale kuti pakamwa samveka choncho. Nanga mapiritsi a msana ndi mawondo amene agogo amagula pagolosale? Brufen, diclofenac ndi Indocid amasunga madzi ndi mchere m'thupi, motero amafooketsa mankhwala a BP. Mapiritsi ena olera nawonso amaikweza.

Nthawi zina gwero limakhala nthenda ina, monga ya impso, kapena tiziwalo tokhala pamwamba pa impso tikamatulutsa michere yopitirira muyeso. Palinso bambo amene amaliza mkonono kwambiri, kupuma n'kumadukiza ali m'tulo, masana n'kumangosinza ngakhale ulaliki uli mkati. Zotere amazidziwa bwino ndi mayi a kunyumba, choncho n'kwabwino kupita kuchipatala muli awiri.

Kayezedwe nakonso kamanamiza. Munthu wofika ali wefuwefu, kapena wochita mantha akangoona yunifolomu yoyera, BP yake imakwera kwa kanthawi. Tiyambe takhala pansi mphindi 5, ndipo a mkono waukulu apemphe lamba wamkulu, chifukwa wamng'ono amaonetsa manambala okwera. Manambalawo alembedwe m'kabuku ka kuchipatala nthawi zonse. Popita titenge mankhwala onse amene tikumwa, azitsamba omwe, ndipo ngati padali masiku amene mapiritsi adatithera tinene mosabisa.

BP kawirikawiri sipweteka, n'chifukwa chake kumva bwino m'thupi si chifukwa cholekera mankhwala. Koma tikaona pakamwa papotoka, mkono wafooka mbali imodzi, lilime lalemera kapena pachifuwa pathina, tisadikire kuti kuche kapena kuti abusa afike. Tipeze galimoto nthawi yomweyo, mapemphero tichitire m'njira yopita kuchipatala.